Mipopi ya mphatso ija, akuti muli mtovu

Wapampando: Akuluakulu, mphatso ija yafika, mipopi ya brass (chitsulo chachikasu chosakaniza kopa ndi zinc) ndi mapaipi achitsulo a GI ochotsedwa m'nyumba yakale. Timati tilumikize Loweruka, koma kwamveka zoti muli mtovu. Odziwa tithandizeni.

Mlembi: Mtovu wake uti? Madzi a pamjigo paja ndi oyera mbee.

Wa mapaipi: A Mlembi, mtovu suoneka, sununkha, sumvekanso pakamwa. Kawirikawiri suchokera pansi, umasungunuka m'zipangizo zomwe madzi agonamo. Brass wakale ankamuthira mtovu kuti asavute kudula pamakina. Zinc wokutira mapaipi a GI amakhala nawo pang'ono, ndipo dzimbiri la mkati limagwira mtovu n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Solder wakale wolumikizira mapaipi a kopa, theka lake ndi mtovu. Malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi mamaikrogramu 10 a mtovu pa lita imodzi ya madzi, komabe kwa mwana palibe mlingo womwe umadziwika kuti ndi wabwino. Umaononga ubongo, umachepetsa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera umafika mpaka kwa mwana m'mimba.

Mayi a komiti ya madzi: Ndiye tiziwiritsa, kapena kuthira klorini?

Wa mapaipi: Ayi mayi. Zimenezo zimapha tizilombo basi. Mukawiritsa, madzi amaphwera koma mtovu umatsala wonse, ndiye umangochulukira mumphikamo.

Msungichuma: Kukana mphatso n'kophweka. Zipangizo zatsopano agula ndani? Thumba lilibe kanthu.

Amalume a kutauni: Lilibe kanthu chifukwa chiyani? Za thanki zija tinasonkha kawiri, malisiti mpaka lero zii.

Msungichuma: Amalume, nthawi imeneyo buku silinali kwa ine.

Amalume a kutauni: Linali kwa mlamu wanu.

Wa mapaipi: Za mlamu dikirani kaye. Paipi iliyonse tiikande ndi kiyi. Ikakhala yofewa, yonyezimira ngati siliva, maginito osakakamira, ndi ya mtovu, isalowe n'komwe. Maginito akakakamira ndi GI. Mipopiyo maso sangatiuze kanthu, ndiye tiike umodzi tiyeze madzi. Agone mumpopi maola osachepera 6. M'mawa lita yoyamba ilowe m'botolo lochokera ku labotale, osayamba mwatsegula n'kutaya. Kenako madzi atuluke mphindi 5, titunge botolo lachiwiri. Mtovu ukakwera m'botolo loyamba, m'lachiwiri n'kutsika, vuto lili pampopi kapena paipi yapafupi. Onse akakwera, tiyang'ane kuthanki ndi kupampu. Ambiri amalakwitsa pamenepa, amatunga masana anthu atatunga kale, zotsatira n'kubwera zokoma zabodza. Ayezenso pH, muyeso wa asidi m'madzi, chifukwa madzi a pH yochepera 7 amadya zitsulo. Ku Flint, ku America, mu 2014 anasintha kotunga madzi osathira mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke, mapaipi omwewo n'kuyamba kutulutsa mtovu m'nyumba za anthu.

Mlembi: Kumeneko n'kwa azungu achimwene.

Wa mapaipi: Brass sasankha dziko. Tikagula zatsopano, mipopi ikhale ya stainless steel kapena yokhala ndi chizindikiro cha NSF/ANSI 372, kutanthauza mtovu wosapitirira 0.25 peresenti, mapaipi akhale a pulasitiki ya HDPE. PVC yosadziwika kochokera nayonso ina imakhala ndi mtovu. Omwe muli kale ndi mipopi yakale m'nyumba, madzi oyamba m'mawa muzichapira, osapangira mkaka wa mwana, ndipo kasefa ka kukamwa kwa mpopi muzikamasula n'kutsuka.

Wapampando: Tivote. Kuyeza kaye, kapena Loweruka lomweli?

Amalume a kutauni: Ndalama yoyezera ine sindipereka m'manja omwe aja.

Mayi a komiti ya madzi: Anyamata okumba ngalande ndawauza kale za Loweruka. Ndiwauze chiyani?

Mlembi: A Msungichuma atuluka m'gulu. Wawaonjezeranso ndani ulendo watha uja?