Ndiyambire pati pophunzira middleware ndi BPEL ndili ku Mangochi?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwagwirapo ntchito yolumikiza mapulogalamu a makompyuta kuti azilankhulana, makamaka m'mabanki ndi m'mabungwe osunga ndalama. Ine ndimayang'anira makompyuta ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama pano pa boma la Mangochi. Mamembala athu ambiri ndi asodzi komanso amayi amene amapikula usipa ndi utaka m'madoko a ku Makawa, Malindi ndi Makanjira n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo munthu sangasiye usipa uli pa thandala kuti akwere galimoto kudzabweza ngongole ku ofesi. Choncho ambiri amalipira pa foni.

Pulogalamu yolandira malipiro amenewa ndinailemba ndekha pa PHP, chinenero cholembera mapulogalamu. Imalandira uthenga wochokera ku kampani ya foni, imalemba ndalamazo mu akaunti ya ngongole, kenako imatumiza SMS yotsimikizira. Mwezi wathawu mayi wina wa ku Malindi anabweza K45,000. Seva yathu inalemba ndalamazo bwinobwino, koma isanayankhe kuti yalandira, magetsi anathima ndipo netiweki inaduka. Kampani ija posamva yankho inatumizanso uthenga womwewo magetsi atayaka, ndalamazo zinalowa kawiri, ndipo mayiwo analandira SMS yowauza kuti ngongole yawo yatha. Tinazindikira patadutsa masiku 9. Ndinapita ndekha ku Malindi kukawafotokozera, ndipo anapukuta manja pa chitenje, natulutsa kafoni ka mabatani komangidwa ndi labala, n'kundionetsa uthengawo. Anandifunsa kuti, "Nanga bambo, ndikhulupirire inu kapena makina anu?" Funso limeneli likundisowetsa tulo mpaka lero.

Pofufuza ndapeza kuti pali mapulogalamu apadera oima pakati pa mapulogalamu ena, otchedwa middleware, komanso njira zolondolozera ntchito kuchokera pa sitepe yoyamba mpaka yomaliza. M'zotsatsa ntchito zina ndaona akufuna munthu wodziwa Oracle SOA Suite (middleware ya kampani ya Oracle), BPEL (chinenero cholembera njira zolondolozera ntchito zija) ndi WSDL (chikalata chofotokoza mmene pulogalamu ina ingalankhulire ndi inzake), pomwe ena akutchula ma middleware ena monga Apache Camel, WSO2 ndi MuleSoft. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8 GB, ndipo bandulo ndimagula ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kodi ndilimbane ndi Oracle popeza ndi imene ili ndi dzina, kapena ndiyambe ndi zaulere? Nanga BPEL ili ndi phindu masiku ano pamene mapulogalamu ambiri akulankhulana pa REST ndi JSON, njira zopepuka zotumizirana mauthenga? Sindikufuna kuthera chaka chathunthu pa chinthu chimene sichingateteze mayi ngati amene aja.

Yankho lochokera ku Lilongwe:

Achimwene, ine ndagwira ntchito imeneyi m'banki kwa zaka zingapo, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti chimene chinakuchitikirani sichinabwere chifukwa chosowa Oracle. Kampani ya foni inachita zoyenera potumizanso uthenga umene sunayankhidwe, ndipo udindo wozindikira kuti uthengawo unafika kale ndi wa wolandira. Malipiro alionse amabwera ndi nambala yakeyake. Isungeni nambalayo mu database pa malo amene salola nambala imodzi kulembedwa kawiri, ndipo kuilemba kuchitike mu transaction imodzi ndi kulemba ndalama mu akaunti, kuti zonse ziwiri zitheke limodzi kapena zikanike limodzi. Mu Apache Camel njira imeneyi ilimo kale, amaitcha Idempotent Consumer. Chachiwiri, musamagwire ntchito yonse pamene kampani ikudikira yankho. Landirani uthenga, muusunge pa mzere wa mauthenga monga RabbitMQ kapena ActiveMQ, muyankhe nthawi yomweyo, ndipo zina zonse zizichitika pambuyo pake. Komanso tsiku lililonse muzifanizira zimene zili m'mabuku anu ndi lipoti la kampani ya foni, chifukwa masiku 9 ndi ambiri kwambiri pa nkhani ya ndalama.

Tsono za BPEL. Bungwe la OASIS linavomereza WS-BPEL 2.0 mu 2007, nthawi imene SOAP (njira ina yotumizirana mauthenga pakati pa mapulogalamu) ndi WSDL zinali pachimake. BPEL imalembedwa mu XML, kalembedwe ka mauthenga kamene makompyuta amawerenga, ndipo masitepe ake ndi monga receive, invoke, assign ndi reply. Ikugwirabe ntchito m'makampani akuluakulu amene anaigula kale, koma ntchito zatsopano zambiri zikujambulidwa mu BPMN 2.0, njira yojambulira masitepe a ntchito imene bungwe la OMG linatulutsa mu 2011, ndipo zimayendetsedwa ndi mapulogalamu monga Camunda ndi Flowable. Oracle SOA Suite 12c imafuna kuti JDeveloper (pulogalamu yolembera) ndi WebLogic (seva yake) ziyende nthawi imodzi, ndipo pa 8 GB mudzathera nthawi yambiri mukuyang'ana laputopu ikupuma wefuwefu m'kutentha kwa Mangochi kumeneko. Yambani ndi chinenero cha Java, kenako Camel pa Spring Boot, chida chomangira mapulogalamu a Java. Koma XML musainyoze. Phunzirani kuwerenga XSD, XPath ndi XSLT, zida zogwirira ntchito ndi XML, chifukwa mauthenga a mabanki a ISO 20022 nthawi zambiri amabwera mu XML, ndipo mukadzafika pa makadi ndi ma ATM mudzakumananso ndi ISO 8583, imene ili ndi kalembedwe kake kosiyana. Munthu wodziwa zimenezi akapatsidwa Oracle ku ntchito, pa seva ya kampani, savutika nayo kwa nthawi yaitali.

Yankho lochokera ku Zomba:

Bambo, ndikugwirizana ndi anzanga a ku Lilongwe pa nkhani ya nambala ya malipiro, koma ndikusiyana nawo pang'ono pa poyambira. Ine ndimagwira ntchito ya mauthenga a zaumoyo, kumene timakumana ndi mapulogalamu monga DHIS2 ya ku University of Oslo ndi OpenHIM ya bungwe la Jembi ku South Africa, ndipo ndaona anthu akuika middleware yaikulu pa mapulogalamu atatu okha, n'kupeza kuti awonjezera chachinayi chofunanso wochisamalira. Kulumikiza mapulogalamu ndi nkhani ina, kulondoloza ntchito ndi nkhani inanso. Kulandira malipiro kumatha m'masekondi ochepa, kotero sikufuna BPEL kapena BPMN. Pamene mudzazifune ndi pa kupereka ngongole, pamene membala walemba fomu, mukudikira mboni zake, komiti ikumana sabata yamawa, ndipo wina wa komitiyo ali pa nyanja. Ntchito yotere imatenga masiku, imadutsa m'manja mwa anthu, ndipo pamafunika pulogalamu imene ikukumbukira pamene yafika ngakhale seva itazima n'kuyakanso.

Musanatsegule laputopu, khalani pansi ndi mkulu woona za ngongole, mujambule papepala sitepe iliyonse, ndipo pa iliyonse mumufunse kuti ikakanika amatani, ndiponso ndi ziti zimene zingabwezedwe. Ndalama zolembedwa molakwa m'buku zimabwezedwa ndi cholemba china chozifafaniza, chimene mu BPEL ndi BPMN amachitcha compensation, koma SMS ikafika pa foni ya munthu palibe woibweza. N'chifukwa chake iyenera kukhala sitepe yomaliza, ndipo uthenga wonena kuti ngongole yatha uzituluka pokhapokha mabuku atafaniziridwa.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri achimwene a ku Lilongwe ndi inu mayi a ku Zomba. Usiku wathawu ndinatsegula database ndipo ndapeza kuti nambala ya malipiro ndinkaisunga kale, koma sindinaletse kuti ilembedwe kawiri, moti mizere iwiri ya K45,000 ija ili moyandikana ndi nambala yofanana. Ndakonza zimenezo, ndipo Loweruka likubwerali ndapangana ndi mkulu wathu wa ngongole kuti tijambule njira yonse papepala. Oracle ndayamba ndaisiya, ndiyamba ndi Java ndi Camel monga mwanenera.

Ndatsala ndi funso limodzi limene likundiopsa kuposa loyamba lija, chifukwa komiti yathu ikufuna kuti tiyambe kutumiza ngongole pa foni pamene nyengo ya usipa ikuyandikira. Tikatumiza K200,000 kwa membala wa ku Makanjira, netiweki n'kuduka tisanalandire yankho, sitikudziwa ngati ndalamazo zapita kapena ayi. Kodi pamenepo pulogalamu iyambe yafunsa kampani ya foni za nambala yomweyo isanatumizenso, ndipo idikire nthawi yaitali bwanji isanaipereke nkhaniyo kwa munthu kuti aione ndi maso?