Makoko a zipolopolo akwana matumba atatu, nditani nawo?

Wobisa dzina: Abale a kuno ku Joni, ndithandizeni. Ndimasesa pamalo ophunzirira kuwombera mfuti kunja kwa Pretoria. Anthu akamaliza, pansi pamangoti mbwee makoko a zipolopolo, ambiri a 9mm, ena a .223 ndi .22. Ndatolera matumba atatu, ali pansi pa bedi. Malipiro akuchedwa, landilodi wakweza renti, mlamu wanga kumudzi akungoimba za feteleza, chonsecho njinga yanga anagulitsa osandiuza. Ndikagulitse ku sikirapu? Tulo sindikuliona.

Malume a ku Germiston: TAYANI ZIMENEZO LERO! Lamulo la mfuti la 2000 si masewera. Munthu wopanda laisensi kupezeka ndi chipolopolo chimodzi chamoyo, basi, maunyolo. Mwa matumba atatuwo mukutsimikiza kuti mulibe chokanika kuphulika?

Make Junior: Abwana anu akudziwa? Funso langa ndi lomweli. Malo ambiri zogwa pansi amati n'zawo.

Wowotcherera: Malume, musamuopseze mwana. Khoko lopanda kanthu ndi bulasi basi, mkuwa wosakaniza ndi zinki. Achimwene, dutsitsani maginito, zomata ndi zachitsulo, zilibe mtengo. A .22 ndi a ku sikirapu, sadzazidwanso. Koma 9mm ndi .223 odzaza okha zipolopolo amagula bwinoko. Suzumirani m'kati mwa khoko, amafuna a kabowo kamodzi, a timabowo tiwiri amawakana.

Malume a ku Germiston: Mwana? Inu mudzamutengera chakudya kundende? Ine mawaya a mkuwa otola pabini anandigonetsa m'selo masiku awiri. Ku sikirapu amalemba chiphaso chanu, mukudziwa zimenezo?

Wowotcherera: Mawaya ndi nkhani ina, malume.

Nachisale: Mlamu ameneyo mublokeni. Wanga anadya ndalama za malata.

Anamwino: Aliyense ali pa ndalama, za mtovu palibe akunena. Fumbi la pamalo amenewo lili ndi mtovu, ndipo kusesa pouma kumaliulutsa. Valani magolovesi, sambani m'manja musanagwire nsima. Matumbawo achoke kuchipinda, makamaka ngati muli ndi ana.

Kamnyamata ka Bangwe: Pangani mabelu a njinga, mlamu akagulitsenso 😂

Malume a ku Germiston: Ndipo musayerekeze kukweza pa basi. Pa Beitbridge mukalongosola chiyani?

Make Junior: Achimwene, mwatiyankha za abwana zija?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Maginito wake ndi wa sipika uja, kapena pali wina wapadera?