Ndani angandithandize kupeza mbiri ya agogo anga a KAR?

Abale anga a ku Mulanje ndi Thyolo, ndithandizeni. Tikukonzekera kumanga chiliza cha agogo anga aamuna, ndipo banja landisankha ine kuti ndidzawerenge mbiri yawo. Anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la m'nthawi ya atsamunda a ku Britain), anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Atabwerako analowa ulonda ku esiteti ya tiyi, n'kulera ana awo pamodzi ndi amasiye a achemwali awo mosasankha. Koma za kunkhondo sankakonda kukamba. Tangotsala ndi mamendulo awo, omwe ankawakulunga m'kansalu n'kusunga pansi pa sutikesi.

Kodi ku Cobbe Barracks ku Zomba amasunga kaundula wa asilikali akale? Munthu wamba amayambira pati, ndipo atenge chiyani? Ngati makolo anu anapitanso ku Burma, chonde ndiuzeni zomwe ankakusimbirani.