Amuna anga sakusiya kukamba za filimu ya makiyi, ndipite kwa ankhoswe?

Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni maganizo. Dzina ndabisa dala. Ndili pa banja ndipo tili ndi ana. Tsiku lina tinaonera filimu ya The Ice Storm ya Ang Lee, yomwe inatuluka mu 1997, limodzi ndi banja lina lomwe timayenderana nalo.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ndi ya mu 1973, m'tauni ya anthu olemera ya New Canaan ku Connecticut, m'dziko la America. Mabanja akumana ku phwando, amuna n'kuponya makiyi a galimoto m'mbale imodzi. Phwando likamatha, mkazi aliyense amatola kiyi, mwini kiyiyo n'kupita naye usiku umenewo. Muli poseketsa ndithu, monga pomwe bambo wina (amene akusewera ndi Kevin Kline), ataledzera, akuletsa chibwenzi chake chamseri (Sigourney Weaver) kupita ndi kamnyamata, bamboyo n'kugwa pansi mkazi wake akuona. Koma makolo ali ku phwandoko, mwana wa mayi wachibwenziyo akufa ndi nthambo ya magetsi yomwe yaduka chifukwa cha madzi oundana. Ine pamenepo ndinalira.

Amuna anga zonsezo sanazigwire, anagwira za makiyi basi. Filimu itatha, bambo wa banja linalo anagwedeza makiyi ake n'kunena kuti "mlamu, mbale ili kuti?" Amuna awiriwo anaseka mpaka kugwira m'mimba, mkazi wake anangowerama. Kuyambira pamenepo nkhaniyi imabwera tikamagona, ati azungu alibe nsanje, ati ndi nthabwala chabe. Nthabwala yanji yobwerezabwereza? Mtima wanga ukundiuza kuti akundiyesa kuti aone ndiyankha bwanji. Kodi ndiwauze ankhoswe, kapena ndiyambe ndalankhula ndi mayi wa banja linalo?

Mayi wina: Achemwali, kwa mayi uja musapite, simudziwa zomwe amakambirana kwawo. Akhazikeni pansi amuna anu masana, ana kulibe, muwafunse mosapita m'mbali kuti akufuna chiyani, ndipo muwauze kuti inu zimenezo ayi.

Bambo wina: Ine ndi mwamuna, ndipo ndikuuzeni, amayi, chinthu chikabwerezedwa chonchi ndiye kuti chili mumtima. Komanso za nsanjezo akunama, mu filimu momwemo wogwa pansi uja inamugwetsa ndi nsanje. Akapitiriza mutawakaniza, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndilankhula nawo Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Nanga banja lija ndisiye kulilandira pakhomo panga, kapena ndidikire kaye ndimve yankho lawo?