Kaduwa ka pepo kayamba kuuma, kodi kadzameranso?

Wokonda_Maluwa:
Abale anga odziwa za maluwa, ndithandizeni. Ndinafesa paketi ya njere zosakaniza za maluwa a kutchire m'mbali mwa dimba langa, ndipo pakati pa zonse zimene zinamera, kamodzi kanandigwira mtima. Ndi kachomera kowonda, sikafika n'komwe m'bondo. Duwa lake ndi la pepo, pakati poyera, lili ndi timapiko tisanu totambasuka ngati nyenyezi. Dzuwa likawala limamasula, kukachita mitambo kapena madzulo limadzitseka. Ndikathyola tsinde pamatuluka timadzi toyera. Pa paketi pali mayina ambiri, koma limene chithunzi chake chikufanana nako ndi Legousia speculum-veneris.

Tsopano masamba ayamba chikasu kuchokera pansi, maluwa akutha, ngakhale ndikuthirira mokwanira. Kodi ndi matenda? Ndikadule kuti kaphukirenso? Sindikufuna kukataya, ndakakonda kwambiri.

Gogo_wa_Dimba:
Mwanawe, usadule, ndiponso leka kuthirira kwambiri. Palibe matenda pamenepo. Chomera chimenechi ndi cha chaka chimodzi: chimamera, chimachita maluwa, chimabereka njere, basi chimafa. Muzu wake sudzaphukiranso ngakhale uthire manyowa a mtundu wanji. Moyo wake wonse tsopano uli m'njere.

Tayang'ana kunsi kwa duwa lililonse lofota. Upeza kanthu kakatali kowonda kamene ambiri amakayesa phesi la duwa. Si phesi ayi, ndi kathumba ka njere. M'banja la chomerachi, lotchedwa Campanulaceae, kathumbako kamakhala pansi pa duwa, osati m'kati mwake. Kakakhwima kamasanduka kotuwa, kenako kamatsegula timabowo cha kumtunda kwake, ndipo mphepo ikagwedeza tsinde njere zimatayika pang'onopang'ono. Njerezo ndi zazing'ono zedi, zosalala, zonyezimira. Ine ndimadikira mpaka timatumba tapansi titauma, ndiye ndimadula tsinde lonse m'mawa n'kulizondotsa m'thumba la pepala. La pulasitiki ayi, limasunga chinyezi ndipo njere zimachita nkhungu. Mitsinde ina ndimaisiya pomwepo kuti idzifesere yokha.

Mphunzitsi_wa_Zomera:
Agogo anena zoona. Ine ndingowonjezera za kumene chomerachi chimachokera, chifukwa ndi kumene kuli yankho la mmene mungachisamalire.

Kwawo ndi kum'mwera ndi pakati pa Ulaya mpaka kumadera ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo malo ake enieni ndi m'minda ya tirigu ndi balere, makamaka pa nthaka ya laimu, yamiyala, yosasunga madzi. Chakhala chikutsatira khasu ndi pulawo kwa zaka mazanamazana. Mlimi akatembenuza nthaka, njere zimene zinali pansi zimabwera pamwamba, zimapeza kuwala ndi malo opanda udzu, n'kumera. Pofika nthawi yokolola tirigu, chomerachi chimakhala chitagwetsa kale njere zake. Ndiye chifukwa chake pamalo osalimidwa, pamene udzu wagwirana, chimazimirira m'zaka zochepa. Sichitha kulimbana ndi zomera zokhalitsa.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti m'mayiko ngati Germany, kumene kale chinkakongoletsa minda, tsopano chikusowa ndipo chili m'gulu la zomera zofunika kutetezedwa. Mankhwala ophera udzu ndiwo anachigunda kwambiri. Feteleza wambiri naye anachititsa tirigu kukula mothithikana mpaka kuwala kosafika pansi, ndipo makina oyeretsa mbewu amachotsa njere zonse za m'tchire zimene kale zinkabwerera m'munda pamodzi ndi tirigu. Pofuna kupulumutsa zomera zotere, kumeneko alimi ena amalipidwa kuti m'mphepete mwa munda azilima ndi kufesa monga mwa nthawi zonse koma osapopera mankhwala. Onani bwino pamenepa: sakusiya malowo agonere, akuwalimabe. Kungosiya osalima kukanachipha chimodzimodzi.

Choncho pa dimba lanu, nyengo yofesa ikafika, palasani pamwamba pa nthaka pamene chinali, chotsani udzu, mwazani njere pamwamba n'kutsendera ndi chikhatho. Musakwirire, ndipo musaphimbire ndi udzu wouma. Musathire manyowa ambiri. Fesani pomwe mukufuna kuti chikhale, chifukwa sichikonda kuwokera.

Wokonda_Maluwa:
Zikomo kwambiri agogo, zikomo aphunzitsi, mtima wakhala pansi. Ndapitanso kukayang'ana ndipo timatumba ndatiwona. Koma pali china chandidabwitsa. Cha pakona pali mitsinde ingapo yosiyana pang'ono: yowongoka, yopanda nthambi, masamba ake ozungulira okumbatira tsinde ngati tizikho. Pa imeneyi maluwa a m'munsi sanamasulepo, koma pali timatumba todzaza njere. Zatheka bwanji popanda njuchi kulowamo?

Mphunzitsi_wa_Zomera:
Apo ndiye mwapenyetsetsa! Mmene mwafotokozeramu, chimenecho ndi Triodanis perfoliata, m'bale wake wa ku America. Kale akatswiri ankaziika ziwirizi pamodzi pansi pa dzina la Specularia, ndiye si zachilendo kuzisokoneza. Legousia ili ndi nthambi, masamba ake ndi otalikirapo, maluwa amakhala cha kunsonga. Triodanis imaimirira yokha ngati ndodo, ndipo duwa lililonse limakhala m'kati mwa kachikho ka tsamba, lomatirira ku tsinde.

Maluwa osamasulawo sali olephera. Amapangidwa choncho dala: mungu umagwera pa gawo lachikazi la duwa lomwelo lidakali lotseka, ndipo njere zimapangika popanda kachirombo kalikonse. Maluwa a kumtunda ndiwo amamasula n'kuitana njuchi ndi tizirombo tina kuti mungu usakanikirane ndi wa chomera china. Motero chomerachi sichiluza: kaya njuchi zabwera kaya sizinabwere, njere zilipo. Mukayang'anitsitsa kathumba kouma muwona kachibowo m'mbali mwake, kachikopa kake katapindikira m'mwamba. Njere zimatulukira pamenepo.

Gogo_wa_Dimba:
Cha ku America'cho ndimachidziwa, chimafalikira msanga kuposa chinzakecho. Chimamera ngakhale m'ming'alu ya njira ndi pa nthaka yamchenga imene zina zimakana. Ine sindichida, chimazuka mosavuta ndi zala ziwiri. Koma mwanawe, ngati Legousia ndi imene waikonda, kolola njere zake m'thumba lakelake, ulembepo dzina, ndipo Triodanis uidule isanatsegule timabowo tonse. Zikamera chaka chamawa uzipatulira zidakali zazing'ono, usiye mpata wokwana chikhatho pakati pa chomera ndi chinzake.