Kasitomala wamaphukusi akufuna sikuta ina, ndimulozere iti?

Spanala10: Akuluakulu thandizeni maganizo. Ndili ndi kasitomala amagawa maphukusi mtauni tsiku lonse, kuima kunyamuka kuima kunyamuka, ndiye kasikuta kake ka matayala a 10 inchi katopa, kakamanyamuka kamanjenjemera thupi lonse ndipo mabelingi akutsogolo ndasintha kawiri kale. Pano akuti ndimusankhire pakati pa Honda PCX 125 ndi Yamaha NMAX 125, ine mutu waima.

Wamagiya: NMAX achimwene. ABS (yoletsa matayala kuuma ndi kuterera ukagwira mabuleki mwadzidzidzi) ili matayala onse awiri, pomwe PCX ya 2021 ija ABS ndi kutsogolo kokha kumbuyo ndi buleki ya dramu. Munthu woyenda pamvula atanyamula katundu zimenezo nzofunika.

Pulagi: Komatu PCX thanki yake ndi malita 8.1, NMAX 7.1, komanso imazima yokha ukaima pamaloboti

Wamagiya: kuzimako NMAX yatsopano nayo imatero aise

MkuluWaGalaja: Ana anga, mwafunsa kuti maphukusiwo amawaika pati? Ziwiri zonsezo zili ndi chitunda pakati pamiyendo, katoni sungayike pansi, ndipo iliyonse imalemera cha m'ma 130 kg, munthu woti akwera ndi kutsika mwina kangapo pa ola akamafika madzulo mkono watha kuikankha ndi kuiimika pa standi. Ine ndikanamuonetsa Honda Vision 110. Pansi ndi pafulati, kulemera kwake cha m'ma 100 kg, tayala lakutsogolo 16 inchi. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje lonse, lalikulu limangodutsa pamwamba, mabelingi mukusinthawo akudyedwa ndi zimenezo. Injini yake imazizira ndi mphepo, palibe za redieta, mapaipi kapena pampu yamadzi. Suzuki Address 110 nayonso ndi yopepuka chomwecho, matayala 14.

Pulagi: Zoona bambo koma 110 ikasenza bokosi lodzadza pachitunda imalira, kathanki ka Vision nkochepanso, sikafika malita 5

MkuluWaGalaja: Eya pamenepo sindikana. Ngati njira zake zili ndi zitunda kapena amalowa msewu waukulu, atenge SH125, matayala 16 onse ndi pansi pafulati, koma ndi yamadzi. Tsono mphwanga, kunjenjemera kuja musanamizire sikuta. Tsegulani kava ya CVT (momwe muli lamba ndi kilatchi zoyendetsa tayala lakumbuyo), mupeza fumbi la lamba ndi kilatchi ladzadza, nsapato za kilatchi zasalala ngati galasi. Uzirani ndi mphepo, palani nsapatozo pang'ono ndi sandipepa, muonenso ma rola (timawilo ta mu CVT momwemo) ngati aphwa mbali imodzi. Ntchito yoima-ima imachita zimenezi pa sikuta iliyonse, angagule yodula bwanji. Lamba wa PCX buku limati asinthidwe pa 24,000 km koma kwa munthu ngati ameneyu ine ndimatsegula kuyang'ana isanakwane.

Spanala10: Ndatsegula akulu, ma rola atatu aphwa ndipo fumbi linali tho. Ndaika ena, kunjenjemera kwasiya. Mawa akubwera ndi katoni yake yaikulu kwambiri tikayese ngati ikwana pansi pa Vision.