Glucosamine wa nyamakazi ya m'maondo: tigule kapena tisiye?

A Zulu: M'ma pharmacy muno mu Chipata akuchemerera glucosamine, akuti amabwezeretsa mafuta a m'bondo. Kodi ndi woyenera kugulira nkhalamba yodwala nyamakazi?

Amake Chisomo: Ayi a Zulu. Chimene chimaperepeseka m'bondo ndi chichereŵechereŵe chokuta nsonga za mafupa, ndipo palibe piritsi lotsimikizika kuti limachimeretsanso. Pa kafukufuku wa GAIT ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, omwa glucosamine sanasiyane kwenikweni ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala.

A Mwale: Komabe amayi, ena amati amapezako bwino. Wofuna kuyesa agule glucosamine sulphate, 1,500 mg patsiku, ku pharmacy yovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati wa m'chikwama pamsika. Ikatha miyezi 3 osasintha, aleke. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana m'mitsempha, asakhudze glucosamine, magazi amachedwa kuundana. Ndiponso glucosamine wambiri amapangidwa ndi zigoba za nkhanu, ndiye amene nkhanu zimawawenga asamale.

Amake Chisomo: Ndalama ya miyezi 3 imeneyo bwanji osagula diclofenac gel, mankhwala opaka ochepetsa ululu? Bondo lili pafupi ndi khungu, mankhwala amafika. Kupaka magalamu 2 mpaka 4, katatu kapena kanayi patsiku, pakhungu lopanda bala. Anthu amapaka kadontho kamodzi usiku basi, kenako n'kumati sagwira ntchito.

A Nyirenda: Gel ndikuvomereza. Choopsa ndi Brufen ndi mapiritsi a diclofenac akamamwedwa tsiku ndi tsiku: amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP, amavulaza impso. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir afunse kaye kuchipatala, chifukwa onsewo amalemetsa impso.

A Mwale: Nanga ndodo? Ambuya ambiri amaigwira kolakwika.

A Nyirenda: Igwidwe ndi dzanja la mbali yabwinoyo, ipite patsogolo limodzi ndi mwendo wodwala. Chogwirira chifike pamfundo ya dzanja munthu ataima mikono ili pansi, ndipo kunsi kukhale labala kuti isaterereke. Alimbitsenso minofu ya m'ntchafu: kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuŵerenga mpaka 5, kutsitsa pang'onopang'ono, ka 10, m'mawa ndi madzulo. Onenepa akatsika kilo imodzi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilo 4 pa phazi lililonse lomwe aponda.

A Zulu: Ndiye bondo likatupa n'kutentha?

Amake Chisomo: Likatupa mwadzidzidzi, kufiira, thupi n'kutentha, musapake kanthu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina ndi gout (nyamakazi yobwera ndi kuchuluka kwa asidi wina m'magazi) kapena mafinya m'mfundo.